Malire a Munda Wanga Ali Pamimba pa Chambo

Dandaulo langa loyamba ku komiti ya holo yathu ndinapereka Lolemba loyambirira la mwezi wa Seputembala, nthawi ya 9 koloko m'mawa. Lina linatsatira patatha sabata ziwiri, ndipo lomaliza ndapereka mwezi wathawu. Makope onse ndili nawo. Palibe limene layankhidwa, n'chifukwa chake ndati nkhaniyi muimve inu, ngakhale kuti mbali zina sizikundikomera.

Chaka chino kunabwera achinyamata atatu amene angomaliza maphunziro a zaluso ku koleji. Anati akhala nafe miyezi itatu pa holo yathu ya kufupi ndi doko, kuti apange chinthu pamodzi ndi anthu a kuno. Wotsogolera anali mtsikana wina dzina lake Tadala, waulemu ndithu, kungoti ovololo yake inali penti mpaka m'matumba. Anagawa timapepala topempha mapepala akale a mbiri ya dera lino, oti akaonetsedwe mu holo. Kanga ndinakabowola bwinobwino n'kukaika mu fayilo. (Kuseri kwake kunalinso mawu. Izi ndinazidziwa mochedwa.)

Ine ndinagwira ukalaliki zaka zambiri ndipo sindinatayepo pepala. M'maganizo ndinali nditaona kale kabati yagalasi, dzina langa lili pansi pake. Ndinakweza katoni yathunthu pa kabaza: madandaulo a msewu, a mjigo, a mbuzi za aneba, komanso pepala limodzi limene ine ndi malemu mlamu wanga tinasainirana za malire a minda yathu ya mpunga ku Bua.

Tadala atasuzumira m'katonimo anandiyang'ana.

"Agogo, mwatsimikiza? Awatu akalowa sabwerera."

Ndinamuuza kuti ndinayamba kusunga mapepala mayi ake asanabadwe, ndipo pepala lolandiridwa ndi siginecha limabwerera. Ndinamusainitsa kuti walandira katoni imodzi. Mayi a kunyumba anangoti chipinda chapeza mpweya.

Pa msonkhano wa komiti ya holo ndinaumirira kuti m'pangano lathu ndi anawa muikidwe mfundo yakuti chilichonse chimene apange, munthu asachikhudze popanda chilolezo cholembedwa cha komiti. Ndinkateteza mapepala anga ku zala zamafuta. Mfundoyo ndinailemba ndekha, ndipo ndi yolimba.

Tsiku lotsegulira ndinavala jekete. Kabati sindinaione. Chimene ndinaona ndi chambo chachitali ngati bwato, chitapachikidwa kudenga ndi waya. Mamba ake anali mapepala ong'ambidwang'ambidwa, omatidwa ndi phala la ufa wa chinangwa. Anthu anaomba m'manja. Tadala anandithokoza pagulu, nati zolemba zanga n'zokongola kwambiri moti anaziika pamwamba pa mapepala a anthu ena onse. Ndinaimirira n'kuwerama pang'ono. (Munthu akayamikiridwa pagulu amaimirira. Kukomoka n'kwa kunyumba.)

Pagululo panalinso Saidi, mwana wa mlongo wanga ndi malemu mlamu uja. Saidi amadziwa kuwerenga nkhope. Sabata isanathe anayamba kunena kuti malire amene bambo ake anamuuza amathera pa mtengo wa mango, osati pa ngalande. Pakati pa mango ndi ngalande pali malo amene amandidyetsa mpaka Febuluwale. Anati ndingoonetsa pepala, iye asiya.

Ndinatenga akuluakulu awiri a kubanja kupita nawo ku holo, Saidi akutitsatira. Tinafufuza nsombayo kuyambira kumutu. Ine ndinakwera pa tebulo, ndi jekete langa lomwe, magalasi ali pamphuno, mmodzi wa akuluakuluwo atandigwira miyendo. Amayi ogulitsa usipa anaunjikana pa windo. Patatha ola pepala la malire lija tinalipeza pamimba, zolemba zanga zenizeni: "malire ayambira pa chulu kukafika pa". Mawu otsatira anali pansi pa chipsepse.

"Werengani mokweza, malume," anatero Saidi. "Ine ndamva mpaka pa chulu."

Ndinaitanitsa Tadala. Iye anati ndi madzi ofunda ndi kampeni angathe kutukula chipsepsecho osang'amba chilembo. Kenako anatulutsa kope lake la pangano lija. Mwanayo amasunga mapepala bwino, zimenezi sindingamunamizire.

"Mfundo yachisanu ndi chiwiri, agogo. Munati ngakhale ifeyo tisakhudze."

Ndinatsika pa tebulo.

Panopa achinyamata aja anabwerera kwawo. Mvula yayandikira, ndipo Saidi wayamba kale kugaula kulowera ku mango. Mphemvu nazo zazindikira kuti nsombayo ndi ya chinangwa. Zayambira kumchira, zamaliza dandaulo la mbuzi, ndipo zili pa la mjigo. M'mawa uliwonse ndimapita ndi rula kukayeza mtunda wotsala kuti zifike pamimba.

Komiti sinakhalebe pansi. Apampando ali pa nyanja, ena ali kuminda. Mlembi wa komiti analandira makalata anga onse atatu n'kuwadinda tsiku lomwelo. Izi ndikutsimikiza chifukwa mlembiyo ndine. Koma mlembi sayankha kalata komiti isanakumane. (Lamulo limenelinso ndinalemba ndine.)

Mayi a kunyumba akuti ndingopita ndi mpeni wa tomato nkhani ithe. Sakumvetsa. Munthu amene waphwanya pepala limodzi limene anasaina sangaimirire pamaso pa Saidi n'kudalira pepala lina limene anasaina.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha komiti ya holo kuti ikumane mvula isanagwe, ndipo indiyankhe m'kalata, makope awiri, ngati ndikuloledwa kutukula chipsepse cha kumanzere kwa chambo chija pamaso pa mboni ziwiri. Ndikukumbutsanso komiti kuti malinga ndi muyeso wa lero m'mawa, mphemvu zatsala ndi zala zinayi.