Masipuling'i a Ulendo wa Kumudzi

Lolemba, 2 Disembala 1996
Kanyumba kogonamo, kamene abwana a ku Benoni, kuno ku Joni, anandisiyira posamuka, kakwera pa pikapu. Pikapu yakhala pansi ngati nkhuku yofungatira, mphuno kumwamba. Ine ndi mkazi wanga Esinati tinapangana kupita kwathu ku Mangochi pang'onopang'ono, tikugona m'menemu. Iye anatsogola mu Okotobala. Ndipitabe.

Lachiwiri
Buku la ku laibulale likuti: onjezani masipuling'i kumbuyo, sinthani mashoko. Ndaliwerenga lonse, ndi za injini zomwe. A Yusufu, makaniko wakwathu kuno ku Etwatwa, apeza masipuling'i akale ku Isando. "Ndiye mukupita kumudzi, achimwene?" Ndavomera.

Lachitatu
Galimoto yaimirira bwinobwino. Koma pakamwa pa a Yusufu palibe chitseko. Pakhomo pafika njinga, wailesi, mabulangete, mapoto. "Kakatundu kochepa, mungotisiyira pa Balaka." Ndikane bwanji? Anthuwa anagona panja pano pamaliro a Esinati, mvula ikuwakwapula.

Lachinayi
Yakhalanso pansi. Taonjezera sipuling'i ina mbali zonse.

Lachisanu
Mbiri yamveka mpaka ku Daveyton kuti galimoto ya bambo ofedwa aja yalimba ngati lole. Lero: matiresi, chitseko chachitsulo, ndi fuliji yakufa ("akakonza komweko"). Komweko kulibe magetsi. Bedi la m'kanyumba silikuonekanso. Esinati akanakana mokoma, anthu n'kumachoka akuthokoza. Ine ndikungoti, "Ikani apo."

Loweruka
Kuyesa msewu. Pabampu yoyamba, thyo! A Yusufu, ali chagada pansi pa galimoto: "Chimodzi chitsike, achimwene. Kanyumba kapena katundu wa anthu." Eni katundu atizungulira, aliyense akuyang'ana ndege zimene zikutera.

Lamulungu
Kanyumba katsika, kali pa njerwa kuseli. Sipuling'i yothyoka tasintha, galimoto yaima mowongoka. Panjira ndizikagona pansi pake, monga majoni anzanga onse. Amayi a kumpingo andikazingira kamba wokwanira basi yathunthu, ndipo sindikudandaula. Mpando wakutsogolo wokha ndinati ukhale wopanda kanthu. Pakhala makina osokera a mayi Asiyatu, opita kwa mwana wawo. Ndawamangirira lamba. Esinati lamba ankadana naye. Makinawa sakunena kanthu.