Tayipi Yanga Yabwerera pa Ntchito

Lolemba

Ngongole yatuluka. Amayi a banki m'khonde yathu ya kwa Mtiya atsegula bokosi la maloko atatu lija n'kundiwerengera ndalama pamphasa. Chikole ndi tayipi yanga, yomwe ndinkagwiritsa ntchito m'boma n'kuigula popuma. Loweruka ndibweze gawo loyamba, apo ayi tayipi ikagona kwa a Nambewe, msungichuma wathu, munthu wosadziwa ngakhale polowetsera pepala.

Pulani: kutayipira anthu makalata pansi pa mtengo pafupi ndi positi ofesi. Zogula: mapepala, kaboni, maenvelopu, riboni, katebulo.

Zala zayamba kale kuyabwa.

Lachiwiri

Riboni kulibe Zomba yonse. Mtsikana wa m'sitolo akuti, "Agogo, zimenezo zinatha ine ndisanabadwe." Agogo ake ndani? Ndikunyowetsa yakale ija ndi inki ya chidindo ndi kadontho ka mafuta, monga tinkachitira kuofesi zinthu zikavuta. Manja onse biriwiri.

Lachitatu

Hafu seveni ndili pamalo, nditavala suti yanga yakuntchito. Kale nthawi ngati ino msewu uwu unkadzaza mamesenjala a yunifolomu ya khaki, mafayilo kukhwapa. M'chipinda chathu tinalimo atsikana khumi ndi awiri, matayipi akulira ngati mvula pamalata. Ndikuwasowa anzanga aja. Lero kukungodutsa akabaza.

Afika a Likaka, mesenjala wathu wakale. Akhala pansi, adya zitumbuwa zanga ziwiri, tawerenga omwe anatisiya. Kasitomala: palibe.

Lachinayi

Kasitomala woyamba! Mayi wogulitsa masitiroberi, watsika nawo kuphiri. Akufuna kalata kwa mwamuna wake ku Joni, yemwe wangoti zii chaka chonse. Ndikuitayipa mwadongosolo: makope atatu, nambala ya fayilo pamwamba, mutu wodulidwa mzere kunsi, pomaliza "Ndine wanu womvera."

Ndikumuwerengera. Akuti, "Womvera ndani? Ine ndimafuna kumukalipira." Watulutsa foni m'chitenje, wamukalipira pompo, uthenga wapita. Wandisiyira kambale ka masitiroberi, chifukwa cha chisoni basi. A Likaka adya theka.

Lachisanu

Chifunga chatsika kuphiri, kenako mawawa. Mapepala anyowa. A Likaka abwera ndi anzawo awiri, onse a penshoni. Ndawatayipira dandaulo la penshoni yochedwa. Ndiwalipiritse bwanji, dandaulo lake ndi langa lomwe? Ndasayina nawo.

Zomwe ndapeza sabata ino: masitiroberi, chimfine, siginecha zinayi.

Mawa Loweruka. Mtima ukundiwawa, sindinama. Tayipi imeneyi inaphunzitsa ana anga atatu.

Loweruka

Ndaisenza pamutu, ulendo wokaipereka. Ndikupuma pamunda wa maluwa uja pomwe akwati amajambulitsa. Ukwati ulipo. Mkwatibwi waiona: "Iii, kachinthu kakale kokongola! Tijambulitse nako."

Ndisanayankhe, wojambula wandifumbatitsa ndalama. Mkwati akugogoda ndi zala ziwiri ngati nkhuku ikujompha chimanga. Ndamuwongola msana, ndamuika zala pamzere wapakati. Kenako aperekezi, ankhoswe, apongozi, aliyense ndi yake yolipira.

Kumsonkhano wa banki ndafika mochedwa, andilipitsa chindapusa. Koma gawo loyamba ndabweza lonse. A Nambewe anali atakonza kale malo pa kabati yawo.

Lamulungu

Wojambula uja akuifuna Loweruka lililonse. Amayi a kubanki akuti bizinesi ndi bizinesi, bola ikubweza. Zoona, tayipi yatsala m'nyumba muno, ndipo ikudzidyetsa yokha. Kungoti palibe wofuna kalata. Wojambula akuti ndisavutikenso ndi riboni, pachithunzi siioneka.

Akuti inenso ndizibwera nditavala suti ija, ndiziima kumbuyo, chifukwa ndikugwirizana nayo.

Pochokera kutchalitchi ndalowetsa pepala, ndatayipa mzere umodzi mpaka kumapeto, kuti ndingomva kabelu kaja kakulira. Kalira.

Suti ndasita.