Nthambi Pamsewu wa Kumapiri a Yorkshire

Mpaka lero galimoto yofiira ikandidutsa mumsewu ndimayang'ana kumbali. Nkhaniyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo, koma poti mpingo wonse wa ku Leeds unaimva kale, ndipo aliyense akuthirako mchere wake, kuli bwino muimve kwa mwini wake.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikugwira ntchito yosamalira okalamba ku Wakefield, ndili pachibwenzi ndi Tiyamike, namwino wa pachipatala china ku Leeds. Zonse zinkayenda bwino kupatula a Kamwendo, malume ake. Makolo a Tiya ali ku Dedza, ndiye nkhani yonse ya ukwati inali m'manja mwa bambo amenewa, mkulu wa mpingo wosaseka wamba. Iwo akati ayi, ku Dedza nakonso ndi ayi. Ine anali atandiyeza kale n'kundipeza wopepuka. Anauza Tiya kuti ndine mnyamata woiwala kwawo, chifukwa tsiku lina ndinawapatsa moni dzanja lina lili m'thumba. (Kunkazizira, anthuni. Dzanjalo linali litachita dzanzi.)

Munthu wanzeru akanayamba wakonza mbiri yake. Ine ndinayamba kukonza ulendo. Ndinkafuna kupita ndi Tiya kumapiri a kumpoto kwa Yorkshire pa galimoto yothamanga, zija za mipando iwiri yokha, zokwawa pansi, denga lake lochita kupinda. Miyezi iwiri yathunthu, nthawi yopuma kuntchito anzanga akudya, ine maso ali pa foni kuwerenga misewu: uwu uli ndi makona angati, uwu ukwera mpaka pati, uwu amaukonda anthu odziwa chiwongolero. Ndinajambula mapu anga papepala ndi cholembera chofiira. Ndinaikapo chizindikiro poimira kuti tijambulitse, china pomwera tiyi, ndi kanyenyezi pamwamba penipeni pa phiri pamene ndidzatulutsire mphete. Chimene sindinafufuze ndi nyengo yokha.

Loweruka lake ndinakatenga galimoto ya hayala, yofiira psuu, n'kufika nayo ku Leeds injini ikubangula, makatani a aneba akugwedera. Amene anatuluka pakhomo sanali Tiya. Anali a Kamwendo, atavala suti yakuda, chipewa kumutu, Baibulo m'khwapa.

"Inu a galimoto," anatero (dzina langa ankalidziwa bwinobwino), "mwana wathu simungapite naye kutchire nkhani isanafike kwa makolo. Pampando winawo ndikhalapo ndine. Tikambirana m'njira."

Tiya anali pawindo la m'mwamba atagwira pakamwa. Iye amati ankalira, koma mapewa ake ndinawaona mmene ankagwederera.

Kuwalowetsa m'galimotomo inali ntchito payokha. Mawondo anawafika pachibwano. Luso la kuntchito lokhazika okalamba pampando linandithandiza, ngakhale sindinawauze kumene ndinaliphunzira. Tinatuluka m'tauni, ndipo titayamba kukwera mtunda m'pamene anatsegula pakamwa.

"Kumudzi munapitako liti?"

"Papita zaka zinayi, malume."

"Ndamva kuti agogo anu anatisiya chaka chatha. Pamaliro munalipo?"

"Ayi malume. Mashifiti anathina, holide anandikaniza. Ndinaonera pa foni."

"Mm."

"Mm" ameneyo anandibaya, chifukwa nkhani ya agogo inkandipweteka kale popanda wina kuikanda.

Nyumba zinatha. Mitengo nayo inatha. Kunangotsala udzu wofiirira, mipanda ya miyala ndi nkhosa. Denga ndinali nditalipinda kuti malume aone kukongola kwa dziko, ndipo nthawi yomweyo chifunga chinatsika n'kumeza dziko lonselo. Batani lobwezera denga ndinalisowa. Mayi wa mu foni amene ankandilondolera njira anangoti "pitirirani" kamodzi, basi osayankhulanso. Nkhosa zinkatulukira m'chifungamo mwadzidzidzi, kutiyang'ana ndi maso achikasu aja osaphethira, kenako n'kuzimirira ngati sizinaliko. Galimoto yopangidwira liwiro inkayenda ngati ngolo ya ng'ombe, ndipo kunena zoona ndinayamba kuchita mantha.

Pamenepo m'pamene ndinaziona nthambi. Zinali za masamba aawisi, zoyalidwa mopingasa msewu, kuchokera mbali iyi kukafika mbali inayo.

Aliyense wokulira kwathu akudziwa kuti masamba pamsewu ndi maliro. Wa njinga amatsika, wa galimoto amachepetsa liwiro, chipewa chimachoka kumutu. Mutu wanga unkandiuza kuti kuno ndi ku England, azungu sayala masamba. Koma thupi linali litachita kale zake: phazi pa buleki, wailesi zii, kapu m'manja. Ndipo ndiulule, kamtima kena kochenjera kanandinong'oneza kuti mwayi wako ndi uwu, aonetse bambowa kuti mwambo sunaiwale.

"Malume, pano pali zovuta," ndinatero ndi mawu olemera. "Sitingangodutsa."

Anandiyang'ana kumaso koyamba tsiku limenelo, n'kuvula chipewa. "Zimitsani injini."

Injini itazima kunali chete wa mtundu wina, woti umamva magazi akuyenda m'makutu. Tinadumpha nthambizo wapansi. Patsogolo pang'ono tinapeza magalimoto ataima m'mbali mwa msewu, opanda munthu, ina chitseko chili pululu. Kenako tinawaona eni ake. Anali atandanda m'mbali mwa mpanda wa miyala, atatifulatira, onse m'majasi akuda ndi obiriwira, mitu atazolika. Panalibe woyankhula, panalibe wotsokomola, panalibe wosuntha ngakhale phazi. Kwathu maliro umawamvera patali, koma awa anali ngati akufawo ndi amene abwera kudzaperekeza mnzawo. Tsitsi linandiima.

"Azungu amalirira mumtima," ndinawanong'oneza malume ngati katswiri wa nkhaniyi.

Ndinapita kwa bambo woyamba pamzerepo, ndinamugwira dzanja ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono, n'kumupepesa m'Chingerezi chapansipansi. Anadzidzimuka, anaika chala pakamwa, n'kuloza kuseri kwa mpanda. Kumeneko, m'kadambo kodzaza chifunga, ndinaona chinthu chakuda, chachitali, chogona pansi ngati bokosi la maliro. Wachiwiri ndinamupepesanso, nayenso chala pakamwa. Ndinapepesa anthu asanu ndi mmodzi.

Malume anandikoka jekete. "Palibe m'busa? Ngakhale kwaya yomwe? Munthu angapite chonchi ngati nkhuku?"

"Sizingatheke, malume," ndinayankha.

Ku sekondale ndinali wa kwaya, ndipo mawu ndili nawo (ichi chokha ndiye musanditsutse). Ndinakoka mpweya n'kuyambitsa nyimbo imene timaperekezera nayo maliro kumanda, ija sindinathe kuwaimbira agogo. Malume analowa ndi besi wonjenjemeretsa nthiti. Phiri linatibwezera mawu athu kuchokera m'chifunga, ngati kwinakwake kuli kwaya ina yosaoneka imene ikutipolokozera.

Sitinamalize ndime yoyamba. Kuseri kwa chinthu chakuda chija, chimene tsopano ndinaona kuti ndi mwala, kunabuka kambalame kotuwa, kosaposa mpheta. Kanangoti phaphapha n'kulowa m'chifunga.

Mzere wonse unabuula pamodzi. Anthu aja anatembenuka, ndipo m'pamene ndinaona chimene anazolikira mitu: makamera ataliatali ndi magalasi oonera patali oimika pa miyendo itatu. Bambo wina wofiira nkhope anandiyandikira.

"Ndanyamuka ku Salford kusanache," anatero m'Chingerezi. "Mbalame imeneyi siioneka kuno wamba. Takhala chiimire kuyambira m'mawa kudikira kuti chifunga chichepe. Inu mwaiimbira chifukwa chiyani?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Ndinaba diso kuyang'ana malume, ndipo ndinaona akubwezera chipewa kumutu pang'onopang'ono. Ndinadziwa kuti Tiya, mphete ndi Dedza yense zauluka limodzi ndi kambalame kaja.

Ndiye kumapeto kwa mzere kunachokera mayi wina wokalamba, wamfupi, tsitsi la mbuu, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Anandigwira mkono ndi zala zozizira ngati madzi a m'chitsime.

"Inali nyimbo yanji imeneyo?" anafunsa.

Ndinawauza zoona, kuti ndi yoperekezera omwalira, ndipo ndinayamba kupepesa. Iwo anatsegula chikwama chija n'kutionetsa kachitini kotsekedwa bwino. Munali phulusa la amuna awo. Anati bambowo anakhala moyo wawo wonse akusakasaka mbalame imeneyi osaiona, ndipo anamwalira nyengo yozizira yapitayo. Mayiwo atamva kuti yatera paphiri pano anabwera nawo kuti awasiye pomwepo, koma chifikireni anasowa mawu oyambira, ndipo pagulupo sanauze aliyense.

"Mungaimalize?" anatero.

Chipewa cha malume chinachokanso kumutu. Tinaimba ndime zonse, mayiwo akukhuthula phulusa kuseri kwa mpanda, mphepo ikulitengera kumene kunalowera mbalame. Ine misozi inkangoyenda, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalira mzungu wosamudziwayo kapena agogo anga. Ngakhale bambo wa ku Salford uja anavula chisoti chake, mochedwa ndithu, koma anavula.

Potsanzikana ndinawafunsa mayiwo ngati ndi iwo anayala nthambi pamsewu.

"Nthambi ziti?" anandifunsa.

Tinazipeza zili pomwe tinazisiya. Malume anatola imodzi, anaitembenuza, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Chichokereni kumunsi kuja, mwaonapo mtengo?"

Panalibe mtengo ngakhale umodzi paphiri lonselo. (Mnzanga wa kuntchito amati zinagwa pa thirakitala ya mlimi. Mwina. Koma thirakitala yake ndi yaudongo, inaziyala mzere wowongoka.)

Malume anaibwezera nthambiyo pamalo pake mosamala, n'kupukuta manja. "Tiyeni tizipita, mkamwini, ndazizidwa."

Mkamwini! Galimoto inandizimira katatu ndisanaidzutse.

Pa kanyenyezi ka pamapu paja sitinafikepo. Mphete ndinakaipereka m'khitchini mwa a Kamwendo, iwo ali pabalaza mapazi ali m'beseni la madzi otentha. Pachinkhoswe anaimirira n'kuuza anthu kuti mwana wawo akumupereka kwa chitsiru choimbira mbalame, koma chitsiru chodziwa kuima pamaliro, ndipo holo yonse inagwa nako kuseka. Ana a kumpingo, amene Chichewa amangomva osayankha, akandiona amakupiza manja ngati mapiko.

Phunziro lake likanakhala loti munthu uzifunsa kaye usanayambitse nyimbo. Koma mwezi wa Okutobala ukafika, masamba akayoyokera m'misewu yonse ya Wakefield, phazi langa limapitabe pa buleki wa kagalimoto kanga kakale, ndipo kuntchito ndimafika mochedwa. Am'mbuyo amaimba mahutala, ena amatukwana. Ine ndimangovula kapu n'kuyenda pang'onopang'ono, chifukwa m'dziko lino sudziwa kuti ndani wanyamula ndani m'chikwama.