Ng'ombe za Alamu pa Fomu ya Tiwonge

"Ng'ombe zonsezi zili kuti, bambo?"

Anandifunsa choncho mayi wa mu ofesi ina pa Mzimba Boma, chidindo chili m'manja, maso ali pa fomu ya mwana wanga. Ndinayankha mokweza kuti zili m'khola, zonenepa bwino. Ndinkafuna kuti a pamzere amve. Anamvadi, ndipo mpaka lero akundikumbutsa.

Ndiyambire kumayambiriro. Kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera ku Luwawa kudzacheka matabwa, ndinakwatira a Nyajere, basi ndinakhazikika. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi.

Tsiku limene tinamva kuti mwana wathu Tiwonge wasankhidwa kupita ku yunivesite, ndinasiya sowo ili m'chipika ndi kuthamanga. Ndinauza aliyense. Anzanga ocheka, oyendetsa malole, ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa amene sitinkapatsana moni. Ndinapha tambala. Ndinavinanso (akuti ndinavina moipa, koma ndinavina).

Kenako nkhani ya fizi. Ngakhale ndikanacheka nkhalango yonse ya Viphya, sindikanakwanitsa. Tiwonge anati pali ngongole ya ophunzira. Umadzaza fomu, umakadinditsa ku Boma, ndipo tsiku lomaliza linali Lachisanu. Popanda ngongoleyo, ku yunivesite kunalibe ulendo.

Anabwera nayo fomuyo, analemba mbali yake. Mbali ya makolo ndinalanda. Ndinati za chuma cha pakhomo amalemba ndi bambo. Anandilembera Chichewa ndi pensulo pambali pa funso lililonse, n'kuyamba kufotokoza zina. Ndinamudula. Ndinati ndikudziwa.

Ndinkaona ngati ndikudziwadi. Ku banki m'khonde wopanda chikole samubwereka. Komanso kuno ku Mzimba ndinaphunzira kale. Pamene ndinkafunsira a Nyajere, funso loyamba la abale awo linali la ng'ombe, ndipo thukuta la tsiku limenelo ndimalikumbukirabe. Ndinalumbira kuti mwana wanga sakanyozeka pa pepala la boma ngati wochokera pakhomo popanda kanthu.

Ndinakhala pansi ndi cholembera. Pa ntchito ya bambo ndinalemba kuti mwini bizinesi ya matabwa (matabwawo ndimawagwira tsiku lililonse, ndiye bodza lake linali laling'ono). Pa nyumba ndinalemba ya malata ndi simenti. Malata alipodi, pa khitchini. Pa zoyendera ndinaika njinga yamoto ya kapitawo wathu, poti anandikwezapo kawiri. Apa n'kuti dzanja litazolowera. Nditafika pa ziweto, ndinalowetsa khola lonse la alamu anga a Jere, achimwene awo a akazi anga. Ng'ombe zimene zinali ndi bere ndinaziwerenga ziwiriziwiri.

Ndinawerenga zonse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinadziona ndili munthu. Ndinaika mu envelopu n'kumata, kuti Tiwonge adzangoona zotsatira.

Lachisanu ndinabwereka jekete, tinakwera lole ya matabwa mpaka ku Boma. M'njira monse ndinkaimba kamluzu. Pa ofesi tinapeza mzere wautali. Ambiri anali atavala zakutha, ndipo ndinawamvera chisoni, ndinati awa angotaya ndalama ya ulendo. Kumbuyo kwathu kunabwera a Jere omwe aja ndi mnyamata wawo, amenenso anasankhidwa. Malaya ong'ambika paphewa, patapata womanga ndi waya. Munthu wa ng'ombe. Ndinawanong'oneza kuti akanabwereka jekete ngati ine. Anangondiyang'ana.

Nthawi yathu itakwana, mayi uja anatsegula envelopu, n'kufunsa funso lija la ng'ombe. Nditayankha, anaika chidindo pansi.

"Ndiye mwabwera kudzatani kuno, bwana? Ngongole iyi ndi ya ana a anthu osowa. Gulitsani ng'ombe ziwiri, mwana aphunzire."

Tiwonge anatenga pepalalo, analiwerenga mpaka pansi. Anandiyang'ana, n'kufunsa m'chiyankhulo cha amayi ake kuti ndalemba chiyani.

"Adada, mwalemba vichi?"

Sanakuwe. Misozi inkangotsika. Jekete ija inayamba kutentha. Lachisanu ofesi amatseka masana, ndipo wotchi ya pakhoma inkaonetsa kuti nthawiyo yatsala pang'ono kukwana.

Mayiyo anati fomu ina ilipo, koma sangaitulutse asanamve zoona, chinthu chimodzichimodzi. Chitseko chinali chotsegula, mzere wonse uli tcheru. Ndinayamba kugumula chuma changa. Bizinesi inagwa, ndinatsala waganyu. Simenti inachoka, malata anabwerera pa khitchini. Njinga yamoto inabwerera kwa kapitawo. Anthu ankaseka pang'onopang'ono, wina anati chonchi jeketenso ili ndi mwini wake (anali wolondola, koma sanafunsidwe).

"Nanga ng'ombe?"

"Si zanga."

"Ndi za ndani?"

Ndinayamba kukonza kolala ya jekete. Mayiyo anati anthu ambiri amabisa ng'ombe akafika mu ofesi imeneyo, ndipo ngati sinditchula mwini wake, iye aziona ngati ndi zanga basi. Anayamba kutseka kabati. Ndinayang'ana Tiwonge. Ndinatembenuka, ndinaloza pakhomo.

"Ndi za alamu angawa."

A Jere analumpha ngati aponda khala la moto. "Ine? Alamu, ndapota chomene, musandilowetse m'nkhani zanu." Anayamba kufotokoza kuti ng'ombezo ndi za banja lonse, zina ndi za malowolo a mlongo wawo wina, zina anangosungitsidwa. Mayi uja anatambasula dzanja, anati aone fomu yawo. Pa ziweto anali atalemba nkhuku basi. Apa mzere wonse unagwa ndi phwete, mpaka mlonda anabwera kudzasuzumira.

Fomu yatsopano inatuluka. Cholembera anapatsa Tiwonge, ine anandiuza kuti ndikhale pa benchi. Tiwonge analemba mofulumira. Pa ntchito ya bambo anaika kuti wocheka matabwa waganyu, ndipo anawerenga mokweza, osachita manyazi. Ine ndinangosaina. Chidindo chinalira kuti pha, ndipo ndinaimirira n'kugwira mayiyo chanza ndi manja awiri. Ndikanavinanso, koma munali mothina.

Ngongoleyo Tiwonge anaipeza, pano ali kusukulu. Koma kunena zoona, mpaka lero sindimvetsa ngongole imene amakupatsa chifukwa ulibe kanthu.

Titatuluka panja, a Jere anatipeza pafupi ndi msika. Fomu yawo inali yosadinda, anauzidwa kuti akhale pansi alembe ina ndi ng'ombe zomwe. Anandigwira mkono wa jekete, akupuma mofulumira.

"Alamu, chikwatireni mlongo wanga simuyankhula. Pa maliro zii, pa ukwati zii. Mbwenu lero ndiye mwasankha kutsegula pakamwa?"

Ndinachotsa dzanja lawo bwinobwino, n'kulunjika kumene kumaima malole.