Malaya a Khaki pa Geti la Asilikali

Ku Coorinup kuno, ukangotchula malemu a Dulcie Hambly, anthu sayamba kukumbuka nkhope ayi, amayamba ndi zochapa. Mayi amenewo anasandutsa mpanda wa asilikali a pamadzi kukhala chingwe chawo choyanikira zovala. Mpanda wa waya waminga, abale inu, wolonderedwa ndi mfuti ndi agalu, iwo ankangoona poyanika pabwino popita mphepo.

Zinali zaka za m'ma 1980, pamene amayi anamanga matenti pageti pokana sitima zankhondo zonyamula mabomba a nyukiliya zomwe zinkakocheza padoko m'katimo. Ena anabwera ndi zikwangwani, ena magitala. A Dulcie, mayi wamasiye wa imvi mbuu, anatsika basi ndi beseni, ndowa yofiira ndi thumba la zopanira zovala. Amene anawalandira anali Glenys Prowse, namwino amene anasiya ntchito n'kudzakhala pamsasapo. Anangoti kukamwa yasa.

"Mayi, mwasochera kapena? Kunotu n'kuzionetsero."

"Ndiye ochita zionetsero sanunkha thukuta? Vula bulauziyo mwanawe, ntchentche zakukonda kale."

Kuyambira tsiku limenelo panalibe nsalu yopulumuka. Ukangovula juzi kuti upume, wapeza ili m'thovu. Zopanira sizinkachoka kukamwa kwawo, moti amayi akamaimba pageti nawonso ankaimba, koma palibe ankadziwa kuti akuimba nyimbo iti. Tsiku lina kunabwera mtolankhani wa mumzinda kudzamva za mabomba. M'mawa mwake patsamba loyamba panatuluka chithunzi cha kabudula wam'kati wa Glenys, wamaluwamaluwa, akukupiza pansi pa chikwangwani choletsa kulowa. Glenys anabindikira m'tenti, tiyi n'kumachita kumupititsira.

"Ukudandaula chiyani?" anatero a Dulcie. "Dziko lonse laona kuti ndi woyera."

Amene anaona mbonaona ndi Sajeni Pascoe, wapolisi wachimimba amene ankatumidwa madzulo aliwonse kuchotsa zonse zopachikidwa pampanda.

"Mayi Hambly, mpandawu ndi wa boma."

"Ndiye boma liyanikapo chiyani? Likabweretse ndilichapire."

"Ndikumanganitu."

"Dikira ziume kaye. Kumanga munthu zovala zili zonyowa, amako anakulera bwanji iwe?"

Anawamangadi ulendo wina. Kukhoti, woweruza atafunsa ngati akuvomera mlandu, iwo anamuyang'ana pakhosi kwa nthawi, n'kupukusa mutu. "Kolala yanuyo bwana, amakuchapirani ndani? Muli ndi adani kunyumba." Woweruza anawamasula msangamsanga, dzanja lili pakhosi.

Koma panali chovala chimodzi chomwe sichinkalowa m'beseni la anthu onse. Anali malaya a khaki a malemu amuna awo, a Alby, operepeseka ndi kuchapidwa. Amenewo ankachapidwa okha m'ndowa yofiira ija, ndipo munthu wina asayerekeze kuwakhudza. Amayi ankawaseka kuti nsanje yafika mpaka kumanda. "Sekani," ankatero iwo, "Alby wanga mukanamuona, mukanataya magitala anuwo." M'mawa uliwonse ankawayanika pakati penipeni pa geti, n'kumenya ndowa ngati ng'oma.

"Bwana mkulu! Tulukani mudzagwire malayawa!"

Mkulu wa asilikaliyo ankangodutsa pagalimoto, mawindo atatseka. Anthu ankafa nacho chikhakhali, poganiza kuti ndi nthabwala ina ya a Dulcie.

Masana ena mphepo ya kunyanja inagwetsa malaya aja. Glenys, pofuna kuthandiza, anawatola n'kuwaponya m'beseni momwe munali matewera a khanda la mayi wina wa pamsasapo. A Dulcie anakuwa kukuwa komwe Glenys anali asanakumvepo chibadwire. Zopanira zinagwa kukamwa. Anatsomphola malayawo, n'kutaya madzi onse, n'kukhala pansi pafumbi.

"Khala pansi mwanawe," anatero mtima utatsika. "Alby anali msilikali nthawi imene ankayesa mabomba aja kuchipululu. Ankawauza kuti atembenuke lisanaphulike, likaphulika akaguba m'fumbi lakelo. Akuti ndi fumbi wamba. Anabwera kunyumba malayawa ali psuu. Madzi anali osowa, ine n'kuwachapira limodzi ndi matewera a Lynette wanga." Anapukuta manja pa epuloni ngakhale anali ouma. "Lynette sanafike poyamba sukulu. Matenda a m'magazi. Alby anam'tsatira pambuyo pake."

"Koma mayi, ine ndine namwino. Mmene mwawachapiramu, simungatsale kanthu m'menemo."

"Ndiwe unanena kuti fumbi lija n'labwino? Ndikufuna eni mawuwo. Maofesi ndinayenda mpaka nsapato kutha, onse akuti palibe umboni. Chabwino! Mkulu wawo mmodzi agwire malayawa ndi manja ake, akundiyang'ana m'maso. Ndikaona zimenezo ndikhulupirira kuti si manja angawa anapha mwana wanga. Ndipita kwathu ndikagone tulo."

Kuchokera tsiku limenelo, ndowa ikamalira m'mawa Glenys sankasekanso. Ankayang'ana galimoto ija ndi mtima wonse, akupempha kuti lero lokha iime. Sinaimepo.

Nyengo yozizira inafika ndi mvula yake yamvumbi. Amayi anayamba kupakira mmodzimmodzi, wina ana akudwala, wina banja likugwedezeka, ndipo sitima zinkabwerabe ngati palibe anaimbapo nyimbo. A Dulcie anayamba kuwonda, beseni n'kuyamba kuwalemera. Sajeni Pascoe madzulo ankachotsa zonse pampanda koma malaya aja ankawalambalala. Kaya chinali chifundo, kaya mantha, sananenepo.

A Dulcie anamwalirira kuchipatala cha m'tauni, akudandaula kuti nsalu za pabedi sanazitsukuluze bwino. Mawu awo omaliza kwa Glenys anali a ntchito basi: "Pakati pa geti, kolala m'mwamba. Mwina mawa atuluka."

Glenys anawayanika malaya aja. Ankamenya ndowa m'mawa uliwonse mpaka tsiku limene lamulo linabwera loti msasa uphwasulidwe. Ophwasulawo matenti anawaponya m'lole ndi manja, zikwangwani ndi manja, beseni ndi manja. Atafika pa malaya aja onse anaima. Kenako m'kati mwa mpanda munatuluka amuna awiri ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nkhope zophimba, magolovesi ofika m'zigongono. Anawakowa ndi chitsulo chachitali, n'kuwatsitsira mumgolo, n'kutseka ndi chivundikiro. Galimoto ya bwana mkulu inaima kutali, mawindo otseka. Sajeni Pascoe anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Glenys analira ngati mwana, poyera, osabisa.

Lero mpanda uja uli mbee, woyera ngati mmene boma linkafunira. Mphepo imangodutsa yopanda choti ikupize, ndipo ife odutsa pamsewu timaona ngati pakhomo pomwe anthu anasamuka. Chopanira chimodzi chamtengo chikadali pawaya pafupi ndi geti, chachita imvi ndi dzuwa, palibe wachichotsa.

Anthu amakonda kumuuza Glenys, amene tsopano naye ndi gogo, kuti n'zachisoni a Dulcie sanakhale ndi moyo mpaka kuona yankho lawo. Iye amapukusa mutu.

"Musatero. Mulungu anawakonda mayi aja. Anapita akadali kudikira."