Mono wa m'Kalavati

Inu, sunthani pang'ono ndikhale nawo, basi ya ku Zomba siibwera msanga. Mukundiona chonchi ndi nsapato za matayala, koma ine Saulosi ndinali kapitawo wa msewu wopita kunyanja ya Chilwa, kwa Mwambo uko. Anthu asanu pansi panga, wezulo m'khosi, komanso njinga ya boma yakuda bii, ya belu lomveka mpaka kutsidya kwa Likangala! Njinga imeneyo ndinkaikonda kuposa abale anga ena, sindikubisa.

Ntchito yathu inali kufukula ngalande ndi kuchotsa zinyalala m'makalavati, mipaipi ikuluikulu ija yodutsa madzi pansi pa msewu. Tsono kwathu mvula ikagwa, milamba imachoka m'nyanja n'kukwera ndi ngalande, ndipo yonse inkadutsa m'kalavati wamkulu wa padambo. Ine kuona ndiwo zikudutsa pansi pa msewu wanga osapereka moni, mtima unkandiwawa. Ndinaluka mono waukulu, ndinautchera m'kalavatimo, n'kutchinga m'mbali ndi mpanda wa bango ndi zikhomo.

Vuto linali akuba. Ndiye ndinatenga kansanza, ndinakulungamo phulusa la m'khitchini ndi nthenga ya nkhuku, n'kumangirira pachikhomo. Kenako ndinalengeza kuti monowo ndi wotsirika: wougwira yemwe si mwini wake, dzanja lidzatupa ngati dzungu. Inu, palibe anayandikirapo. Ngakhale ana opita kusukulu ankadutsa pamenepo manja ali m'khwapa.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mu Febuluwale munagwa chimvula cha masiku atatu, madzi anatsika kumapiri a Zomba ndi mapesi, makoko a nthochi, ngakhale chitseko cha munthu. Zonsezo zinadzakodwa pampanda wanga uja. Kalavati anatsekeka, madzi anatundumuka mpaka anayamba kunyambita msewu.

Lachinayi m'mawa tinangomva landirova. Anatsika bwana woona za misewu kuchokera ku boma, atavala jombo, fayilo ili m'khwapa.

"Kapitawo ndani pano?"

Ndinaimba wezulo popanda chifukwa. "Ndine, bwana!"

"Loweruka pano padutsa malole a amayi opita kukavina kumsonkhano wa chipani. Msewu uwu ukaduka, mukafotokoza nokha. Chatseka kalavatiyu n'chiyani?"

Achinyamata simungamvetse. Masiku amenewo munthu wochedwetsa lole ya amayi sankangochotsedwa ntchito, ankapita kumene makalata safika. Pakamwa panga panayamba kugwira ntchito pokha.

"Anthu akuno, bwana, ndi osamva! Wina watchera mono m'kalavati wa boma. Ine ndalankhula mpaka mawu kusasa. Ndikadzamugwira ameneyo adzandidziwa!"

Anthu anga onse asanu anayang'ana pansi ngati ataya singano.

"Chabwino," anatero bwana. "Inu, lowani muuchotse."

Analoza che Mussa, mkulu wa fosholo, munthu wosadziwa kunama chibadwire. Che Mussa anavula chipewa.

"Pepani bwana, ndi wotsirika. Ine ndili ndi ana."

"Nanga inu?"

Gerishomo, wantchito wanga wina, anabwerera m'mbuyo. "Wochotsa ndi mwini wake yekha, bwana. Ndi mwambo wake."

"Ndiye kaitaneni mwini wakeyo!"

Apo n'kuti m'mphepete mwa msewu mutayamba kugumuka, chibuma chimodzichimodzi chikugwera m'madzi. Ndinaganiza mofulumira: ndikanena kuti mankhwalawo ndi phulusa chabe, bwana afunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndikangoima, msewu upita, ine pambuyo pake. Ndiye ndinatukula chifuwa.

"Bwana, ine ndine mkhristu, zamankhwala sindiopa. Dzanja litupe, bola msewu wa boma ukhale!"

Ndinavula malaya, ndinapatsa Gerishomo wezulo, n'kulowa. Madzi ozizira, inu, ofika m'khosi! Ndinapapasa chikhomo choyamba, ndinazula. Chachiwiri, ndinazula. Sindinavutike kuzifuna, paja ndinakhoma ndekha. Chachitatu sindinachizule ine, chinazuka chokha, ndipo akuti madzi saiwala khwawa, koma tsiku limenelo anakumbukiranso kapitawo. Anandimeza ndi mono womwe, ndinadutsa pansi pa msewu wanga mutu patsogolo, ndikumwa matope, milamba ikundibaya m'nthiti. Ndinakatulukira mbali inayo m'munda wa mpunga wa mayi Falida, nditakumbatira mono, kabudula atatsogola kunyanja.

Amayi amene anadzaonerera anathawa akukuwa. Gerishomo anandiponyera malaya, ndinamanga m'chiuno. Koma madzi anali akuyenda, msewu unapulumuka!

Bwana anandigwira chanza, maso ake ali ndi chisoni. "Kapitawo, anthu ngati inu ndi osowa. Ndikalemba lipoti, mukwezedwe." Kenako anayang'ana dzanja langa, lomwe linali litatupadi pamene mlamba unandibaya. "Aa, taonani! Zamankhwala sindizikhulupirira, komabe kwerani galimoto tipite kuchipatala."

Apa ndi pamene che Mussa, mwa chifundo chawo, anafuna kumukhazika mtima pansi mlendo.

"Musavutike, bwana, umenewo ndi munga wa mlamba basi. Mankhwala aja saluma mwini wake."

Bwana anandisiya dzanja pang'onopang'ono.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze nkhani, koma taonani pamsewu, mkazi wanga Alefa akubwera ndi beseni pamutu, sakudziwa kanthu, akufuula ali patali: "Bambo a Sophia! Mwawonjola kale? Musagawe yonse ngati dzana, kunyumba kulibe ndiwo!"

Inu, manyazi amene ndinamva tsiku limenelo, bola madzi aja akanangondipititsa kunyanja ndi kabudula yemwe.

Bwana sanakalipe. Anatsegula fayilo, analemba mizere iwiri, n'kulamula kuti milamba yonse makumi atatu ikwezedwe m'landirova ngati umboni. Wezulo anauza Gerishomo kuti asabweze. Pomaliza anakweza njinga yanga pamwamba pa umboniwo, belu likulira lokha ngati likutsanzika. Malole a amayi anadutsa bwinobwino Loweruka, n'chifukwa chake ndili moyo. Mlandu wa mono sunazengedwe mpaka lero, ndikuganiza kuti umboni unatha ndi tomato.

Ine ndinabwerera kunyumba wapansi, malaya m'chiuno, Alefa kumbuyo ndi beseni lopanda kanthu, akundifunsa kuti kabudula ndamusiya kwa yani.

Che Mussa anamwalira kale, Mulungu awasunge, anali munthu woona. Koma pa chinthu chimodzi ananama. Phulusa ndi nthenga ya nkhuku, zomanga ndekha ndi manja awa, akuba onse a kwa Mwambo zinawasiya amoyo, n'kudzaluma ine mwini wake. Nanga mukuyesa ndikanakhala ndi njinga ija bwenzi ndikudikira basi ndi inu pano?