Nkhondo ya Udzu wa a Vandekamp

Tcherani khutu, inu ana a Iowa ku America, obadwira pakati pa minda ya chimanga, pakuti ine amene ndakalambira pa chimkuzamawu cha bwalo la mpira la Koleji ya Wapsie Bluff ndikuti ndisimbe za masiku aja a ulemerero, pamene timu yathu inkagonja mokhulupirika Loweruka lililonse, ndipo pampando wa mkulu wa zamasewera panali a Merle Vandekamp, Chithamangitsa-makochi, Mgonjetsi wa Misonkhano, Mkango woyenda pa kagalimoto ka gofu.

Ngwazi imeneyi inasintha makochi, inasintha yunifolomu, koma chipambano osachiona. Choncho inaika mtima wonse pa udzu wa m'bwalo. Abale inu, unali udzu! Ankauthirira okha, kuumeta okha, kuulankhula m'mawa. Akazi awo ankangoti apeza mkazi mnzawo.

Ndiye kunadzuka mdani, Mayi Lorraine Stoltz, mkulu wa bandi ya koleji, Namalipenga, Mgonthetsa-makutu, amene chikhalire ankagubitsa asilikali awo pabwalo lomwelo. M'mawa wina a Vandekamp anapeza kanjira ka dothi pakati pa udzu, pomwe oimba malipenga aakulu amatembenukira.

"Mayi Stoltz!" anabangula ataimirira pa kagalimoto. "Kodi ana anuwa ndi anthu kapena ng'ombe? Kuyambira lero muzikagubira poimika magalimoto!"

"Pepani bwana," anatero mayiwo, "anthutu amabwera kudzamva ife. Mpira wanuwo amangoupirira."

Mawuwo analasa, poti anali oona. Chipata chinakhomedwa loko. Loweruka lotsatira, timu ikuthamangira m'bwalo, bandi sinaimbe nyimbo ya koleji, ija imene ophunzira akale amaimirira nayo dzanja lili pamtima. Oimba anangokhala duu, malipenga pamiyendo. Kunali zii, moti tinamva kochi wathu akutukwana liwu ndi liwu, ndi abusa omwe anamva.

Mkulu wa koleji, Pulofesa Ostrander, anaitanitsa ngwaziyo. "Merle, Loweruka likudzali ndi tsiku la ophunzira akale, onse abwera. Kugonja anazolowera. Koma akapanda kumva nyimbo yawo, Lolemba udzabweze makiyi a ofesi, ndi kagalimoto komwe."

Ndi kagalimoto komwe! Munthu wamkulu anatuluka mu ofesimo. Ine ndinamumvera chisoni, ngakhale ndinaseka. Anavula chipewa cha timu, nayenda wapansi ngati munthu wamba mpaka poimika magalimoto, pomwe adani ankaguba pa phula.

"Mayi, tiyeni tikambe ngati akuluakulu. Bwererani pabwalo. Koma chonde, nsapato."

"Zatani nsapato?"

"Muzivula."

"M'chisanu cha Novembala chino? Mutu ukuyenda bwino?" Mayiwo anawayang'ana kuyambira kudazi mpaka kumapazi. "Chabwino. Koma inuyo mudzakhale patsogolo ndi ng'oma yaikulu. Nanunso opanda nsapato."

Motero mtendere unasindikizidwa. Tsikulo chisanu chinali choluma, utsi wa nyama yootcha uli tolotolo kunja kwa mpanda, ndipo bandi inalowa m'masokosi, monyang'ama ngati akuba, patsogolo pali Mkango, chala chachikulu chikusuzumira pa sokosi yobooka, ukuimba ng'oma mosemphana ndi aliyense. Nyimbo inalira, nkhalamba zinaimirira, Pulofesa anapukuta misozi, kaya inali ya chiyani. Ntchito inapulumuka.

Mpirawo tinagonja, monga mwa mwambo. Osewera a timu ya alendo anathamangira kukagoletsa mbali iyi ndi mbali iyo mpaka kumapeto konse kwa bwalo, komwe pa mpira wa ku America wogoletsa amayenera kufika ndi mpira, kunasanduka matope. Anthu atabalalika, ngwazi inaima pamatopepo, zala zitachita dzanzi, n'kuitana Mayi Stoltz, chifuwa chili patsogolo.

"Mwaona, mayi? Alendo ndiwo alibe mwambo. Anyamata anga kuno sanapondeko n'kamodzi komwe."